Mabotolo a pa Ukonde wa Takondwa

Kachulu, Zomba
14 Epulo 2024

Achimwene Fanuelo,

Muli bwanji kumeneko ku Joni? Kaya mukadali pa ntchito ija yosamala dziwe la azungu lopanda ndi themba lomwe? Ife kuno tadzuka, kungoti msana wayamba kundikumbutsa kuti ndinakuberekani inuyo muli khanda lolemera ngati thumba la mpunga wosauma.

Musadabwe kuona kalata m'malo mwa foni. Foni munanditumizira ija inapita. Sanabe mlendo ayi, anagulitsa mphwanu Takondwa. Ndiye ndapempha a Gerishomo, aja amanyamula katundu wa anthu pakati pa Zomba ndi Joni, kuti azititengera makalata ngati kale.

Mpunga ku sikimu ya Likangala wachita bwino. Ndimakhala kumunda tsiku lonse kuingitsa mbalame, kukuwa ndi kugwedeza zitini mpaka mawu kutha. Koma mbalame n'zosavuta, ukakuwa zimamva. Chandilembetsa kalata ndi mwanayu.

Chilembereni mayeso a Fomu 4 anapita kukapalasa kabaza ku Zomba, ndipo amene anabwerako si Takondwa mumamudziwa uja. Maso psuu, zovala fungo la chamba, m'matumba timabotolo ta mowa tija akuti midoli. Ukamufunsa kanthu amakuyankha ndi chitseko. Wachimenyetsa mpaka hinjesi yam'mwamba inazuka, pano timachita kuchinyamula potseka. Ndikuopa, achimwene. Ndikuopa kuti mwana yekhayu amene bambo ake anandisiyira ndidzamutola m'ngalande. Ndimapemphera kuti Mulungu angondichotsera phokosoli m'nyumba.

Mukumukumbuka Asiyatu, mnzanga tinayandikana mapuloti uja? Mwana wake Ismail amasodza ndipo amakhala m'zimbowera, timisasa tija asodzi amamanga pa bango loyandama pakati pa nyanja. Akuti malo alipo. Ndaganiza kuti Takondwa apite kumeneko. Kulibe msewu, kulibe golosale, kulibe anzake a m'tauni aja. Ndi madzi okhaokha ndi mbalame. Munthu angakagule chiyani pamadzi?

Inu ndinu malume ake, mwini mbumba, ndiye sindingamutumize musanavomere. Mukavomera, muthandizeko ya ukonde, ndi jekete lokhuthala poti kuzizira kwayandikira.

Ndine mlongo wanu,
Emma


Germiston
9 Meyi 2024

Achemwali,

Kalata yanu yandipeza ndili bwino, ndipo ndakondwa kumva kuti mpunga wabereka. Za msana wanuzo musandinamizire ine, funsani khasu.

Dziwe la abwana likadalipo. Ndimalisesa m'mawa uliwonse ngati bwalo, ndipo limanunkha mankhwala osati matope. Nthawi zina ndikaweramira madzi akewo ndimaona Chilwa, ndimaona chilumba cha Chisi chitakhala phee ngati ng'ombe yogona, ndimamva ndi fungo la matemba pathandala. Kenako galu wa abwana amauwa n'kundibwezera ku Joni.

Za Takondwa zandiwawa kwambiri. Mwana amene ndinkamuika paphewa kuti aone mabwato akubwera, lero akugulitsa foni ya mayi ake? Maganizo anuwo ndagwirizana nawo. Ngakhale ine, mukukumbuka, inandiwongola ndi nyanja. Munthu ukadzuka n'kupeza kuti pakhomo pako ndi pamadzi, matama onse amatha. Chamba sichimera pamadzi, achemwali. Mumuuze kuti malume ake alamula, apite.

A Gerishomo akupatsani jekete ndi kangachepe ka ukonde. Chitsekocho musakonze. Adzakonze yekha ndi ndalama ya nsomba zake, kuti adziwe mtengo wa hinjesi. Mumuuzenso kuti azindilembera, sukulu yonse ija isangothera kuwerenga zolemba za pa midoli.

Moni kwa a Asiyatu.

Mlongo wanu,
Fanuelo


M'zimbowera, pa Chilwa
20 Juni 2024

Ankolo,

Muli bwanji? Ine ndili bho. Amayi anati ndizikulemberani, ndiye kalatayi ndapatsira ogula nsomba kuti akasiye kunyumba.

Poyamba ndinakwiya nanu, ndisaname. Ndinkaona ngati mwanditaya. Koma ankolo, kuno n'kwina. Nyumba yathu imayenda! Bango limene tinamangapo silinagwire pansi, ndiye mphepo ikawomba timasuntha osadziwa. Umagona Chisi chili kumutu, podzuka chili kumiyendo. Ismail amati sife tasuntha, ndi chilumbacho chimatizungulira kutiona ngati tili moyo.

M'mawa nkhungu imaphimba nyanja yonse, moti sudziwa polekezera madzi ndi poyambira thambo. Bwato limakhala ngati lapachikidwa m'mwamba. Akakowa amatulukira mu nkhungumo osachita phokoso, n'kulowanso. Ukakankha bwato ndi nsungwi umamva matope akuigwira pansi, ngati pali munthu amene sakufuna kuti upite. Tsiku lina ndinaona phiri la Mulanje lili pamwamba pa mitambo, lopanda tsinde, ndipo ndinaliyang'ana mpaka Ismail anandigenda ndi mlamba.

Koma zoti kuno kulibe golosale munanamizidwa. Golosale ya kuno imabwera yokha pabwato. Shuga, mabatire, mandasi, sopo, chilichonse chimene munthu wafuna amamubweretsera pakhomo. Kuli ndi tiyirumu yoyandama, mayi wake amaphika tiyi bwato likugwedera osataya ndi dontho lomwe.

Ukonde ukugwira. Matemba timagulitsa aawisi, milamba timawamba konkuno. Vuto ndi limenelo, ankolo. Tikamawamba, utsi umadzaza msasa wonse, kuphatikiza mwera wa mwezi uno, ndiye chifuwa chandigwira. Aliyense kuno amatsokomola, mukudziwa inunso. Pali mankhwala ena a chifuwa, amadzi, otsekemera, a m'botolo labulauni lapulasitiki. Ndi okhawo amandiyanja. Pabwato la golosale amapezeka koma ndi odula, ndipo ena amawathira madzi. Akuti amachokera kwanuko. Dzina lake ndalemba kuseri kwa pepalali. Mukatumiza angapo mundithandiza kwambiri, chifukwa botolo limodzi silichedwa kutha.

Midoli ndinachepetsa. Jekete likundikwana, zikomo.

Mphwanu,
Takondwa


Germiston
12 Julayi 2024

Achemwali ndi iwe Takondwa,

Moni nonse. Ine ndili bwino, kungoti kuno kukuzizira moti madzi a m'paipi amaluma zala.

Mphwanga, kalata yako ndaiwerenga kambirimbiri. Ndinawawerengeranso anzanga a ku Machinga amene ndimakhala nawo, mpaka wina anapukuta maso n'kunamizira utsi wa mbaula. Nyanja yakupatsa maso atsopano. Achemwali, kodi sindinanene?

Chifuwa cha utsi wa milamba ndimachidziwa, chinandisautsa inenso zaka zonse ndinali kumadziko. Mankhwala ako ndawapeza, koma ndavutika nawo. Ku famase anandipatsa botolo limodzi lokha, n'kumafuna kuti ndilembe dzina ndi nambala ya pasipoti m'buku mwawo. Inu mukudziwa mmene mapepala anga alili. Mankhwala a chifuwa enieni mpaka pasipoti? Dziko lino lili ndi malamulo ngati mchenga. Mwamwayi pa renki ya matakisi pali munthu amagulitsa omwewo motchipa, ndipo safunsa ngakhale dzina. Ndagula okwanira kuti udutse nawo nyengo yozizira yonse.

Uzimwa motsatira zolembedwazo, ndipo uzivala jekete. Achemwali, mukapuntha mpunga mundipatsireko pang'ono. Wa kuno ukaphika sumveka fungo ngakhale utaika mphuno mumphika.

Wanu,
Fanuelo


Kachulu
18 Ogasiti 2024

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino. Ife kuno tili bwino, ndipo nthawi ino ndikunena zoona, osati za mwambo wa kalata chabe. Mpunga wanu ndaupereka kwa a Gerishomo, mukauphike mutatseka mawindo kuti anzanu a ku Machinga asakuthereni.

Takondwa anabwera sabata yatha, anakhala nane masiku angapo. Achimwene, Mulungu amamva. Mwana uja wafatsa! Anafika ndi milamba yowamba, anaitana kalipentala n'kukonzetsa chitseko ndi ndalama yake, monga munanenera. Pano amachitseka pang'onopang'ono ngati muli khanda m'nyumba. Sanandikalipire ngakhale kamodzi. Fungo la chamba sindinalimve. Amakhala pakhonde, msana kukhoma, kuyang'ana kunyanja akumwetulira yekha. Ukamuyankhula amayankha mochedwa, mawu ake ofewa ngati ochokera kutsidya.

Tulo ndiye musanene. Amagona masanasana, nthawi ina anagona chakudya chili m'manja. Ndinamufunditsa chitenje n'kukhala pambali pake kumuyang'ana, monga ndinkachitira ali wakhanda. Ntchito ya panyanja ndi yolemetsa, mwana apume. Waonda pang'ono, ndipo amadzikanda kwambiri, koma udzudzu wa m'bango mukuudziwa.

Mankhwala anu ndi amphamvu zedi. Masiku onse anali kunowa sindinamumve akutsokomola ngakhale kamodzi. Sasiyana nawo, botolo limakhala m'thumba la jekete. Ndipo mwanayu ndi wosamala, mabotolo akatha sataya. Amawatseka bwinobwino n'kuwamangirira ku chingwe cha ukonde kuti uziyandama. Anauyanika paseli pa nyumba, timabotolo tili ndandanda, dzuwa likuwala m'kati mwake ngati uchi. Ndinaima n'kumasirira.

Tsopano pali pempho. Asiyatu anabwera kudzamuona, ndipo anadabwa. Akuti Ismail wayamba ukali, akabwera kumtunda ndi mkangano wokhawokha, komanso naye akudandaula chifuwa. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Amake Takondwa, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Auzeni achimwene anuwo atumizeko ndi a Ismail, mwina naye mtima ungakhale pansi." Ndinamulonjeza. Ndi iye anatipezera malo kunyanja, sitingamumane. Takondwa nayenso akuti ake atsala pang'ono.

Mlongo wanu wokondwa,
Emma


M'zimbowera
15 Sepitembala 2024

Ankolo,

Moni. Kaya muli bwanji. Ine ndilipo.

Kuno kwayamba kutentha, madzi akuphwera. Masana nyanja imakhala ngati galasi, ndipo ukayang'ana kutali mabwato amaoneka akuyenda m'mwamba, anthu ake ataliatali ngati mitengo ya magetsi. Ndimagona m'bwato n'kulisiya lipite kumene lafuna. Anthu anazolowera, akamadutsa amangoti, "Wagona ameneyo," n'kundikankhira kumbali.

Mukukumbuka chaka chija nyanja inauma, musanapite ku Joni? Munanditenga kuti tiyende wapansi kulowera ku Chisi. Pansi panali ming'alu yolowa phazi langa lonse, mabwato atagona chammbali pa dothi. Munandiuza kuti tikuyenda pamsewu wa nsomba, ndiyende mwaulemu. Masiku ano ndimalota ulendo womwewo kawirikawiri. Inu muli patsogolo, ine ndikukutsatirani, koma madzi abwerera ndipo ali pamwamba pathu. Ndimaona mimba za mabwato zikudutsa kumwamba ngati mitambo. Sindimira, sindiopa, kumangokoma. Ndimakuitanani koma simutembenuka. Ndikadzuka thupi lonse limawawa, ndiye ndimafuna kubwerera komweko.

Pali chinthu ndimafuna kukuuzani, ankolo, koma cholembera chikafika pamenepo chimalemera. Amayi akusangalala kwambiri, sindifuna kuwasokoneza.

Nditengeni. Ndipezereni kantchito kalikonse kumeneko, ngakhale kosesa dziwe lanulo. Kapena bwerani mudzanditenge mupite nane kwina kulikonse kumene bwato la golosale silifika. Musachedwe.

Mankhwala aja anatha kalekale, pano ndikugula a pabwato, ndiye nsomba zonse zikuthera komweko. Ngati mukutumiza, tumizani. Kapena musatumize. Kaya, ankolo. Inu ndi amene mukudziwa.

Takondwa


Germiston
6 Okutobala 2024

Achemwali ndi iwe mphwanga,

Moni. Makalata anu onse awiri afika pamodzi ndi mpunga. Nyumba yonse inanunkhira kwathu, ndipo a ku Machinga aja mawindo sanawaletse.

Achemwali, nkhani ya chitseko yandisangalatsa kuposa mpunga. Tinachita bwino.

Takondwa, ndaseka nawe. Mnyamata aliyense wa pa Chilwa akagwira ndalama yoyamba amayamba kulota Joni, inenso ndinali choncho. Koma kuno si kumene ukuganiza. Kuno anyamata amsinkhu wako akutha ndi mankhwala ozunguza bongo, ndimawaona m'misewu atagona pamakatoni. Ndikutengere kumoto iwe uli pabwino? Khala pamadzi pomwepo, ndi pamene pakusunga. Dikira mpaka Disembala nyanja ikatsekedwa kuti nsomba ziswane, ndikuyesetsa kuti ndibwere, tidzakambirane ngati amuna. Za malotozo usadandaule, ndi kutentha. Ndipo ine ndikadzabwera ndidzatembenuka, usaope.

Usamathere nsomba zako kwa a pabwato okuba aja. Nthawi ino ndagula katoni yathunthu, munthu wa pa renki uja anandichotserako mtengo poti ndine kasitomala. Mugawane ndi Ismail. A Gerishomo anyamuka nayo mawa pamodzi ndi kalatayi.

Wanu,
Fanuelo


Kachulu
3 Novembala 2024

Achimwene,

Moni ndikupatsani poti ndi mwambo. Za mmene tilili musafunse.

Tsiku lija pafoni ya Asiyatu ndinangoti "Takondwa watisiya," mawu n'kutha. Munafunsa mafunso ambiri, ine osayankha. Lero ndikuyankheni. Kalatayi ndapatsira wa basi ya ku Blantyre, chifukwa a Gerishomo sanafikebe, akuti galimoto yawo inawonongeka ku Tete.

Sanamire, achimwene. Linali dzuwa la masana, nyanja ili bata. Bwato lake linkayenda lokha kulowera ku Chisi, iye atagona chagada, jekete lanu atatsamira. Asodzi anamudutsa, ogula nsomba anamudutsa, bwato la injini lodzaza anthu linamudutsa mpaka mafunde ake anamugwedeza. Onse ankati wagona, poti anamuzolowera. Bwato linakatsakamira m'bango la ku Chisi, ndipo amayi ena ochapa ndi amene anaona kuti ntchentche zikumutera pamilomo iye osazipirikitsa.

Wachipatala amene anabwera ndi apolisi anatola botolo labulauni m'bwatomo, lina la midoli lili pambali. Ananditengera pambali n'kundifunsa kuti, "Mayi, mwanayu wakhala akumwa izi nthawi yaitali bwanji?" Ndinati ndi mankhwala a chifuwa, amatumiza malume ake. Kenako anandifotokozera mofatsa kuti m'mankhwala amenewa muli chinthu chogonetsa chimene chimamanga munthu kuposa chamba. Akuti achinyamata amamwa botolo lonse kuti aledzere, mawa lake thupi limafuna awiri, ndipo akaphatikiza ndi mowa munthu amagona mpaka kuiwala kupuma. Anandifunsa ngati ankagona masana, ngati ankadzikanda, ngati anaonda. Zonse zimene ndinakulemberani mokondwa zija, iye anazitchula ngati anali nafe m'nyumba. Ine ndinati, "Koma chifuwa chinatha." Iye anati, "Munayamba mwamumvapo akutsokomola?"

Pamaliro, poti inu kunalibe, anayankhulira banja ndi a Pearson, akulu a mpingo. Anandifunsa kuti anene kuti chatenga mwana n'chiyani. Ndinati anene chifuwa. Ananena chifuwa, anthu anagwedeza mitu, tinaika.

Sabata yatha Ismail ananditenga pabwato kukatenga katundu wa mnzake. Kanali koyamba kuti ndifike m'zimbowera. Tinanyamuka m'mawa, nkhungu isanachoke, ndipo zonse zinali monga Takondwa ankanenera, madzi ndi thambo chinthu chimodzi. Ndinkangoona ngati atulukira mu nkhungumo akukankha bwato. Dzuwa litakwera nkhungu inayamba kung'ambika, ndipo ndinaona timabotolo tabulauni tikuyandama pamzere. Ndinati, "Ukonde wa mwana wanga uwo." Ismail anati, "Ayi, amenewo ndi wa ena." Tinapita patsogolo, mzere wina. Kumanja wina, kumanzere wina, mpaka kumene maso amalekezera, tonse tikuwala ngati uchi. Ndinafunsa kuti, "Nanga wako uli kuti?" Anangoyang'ana kumbali, akudzikanda pakhosi.

Ndinamutumiza kumadzi kuti ndimubise, achimwene. Mtima wanga ukuwawa moti sindidziwa poukhazika.

Emma


Germiston
17 Novembala 2024

Achemwali,

Ndalandira. Moni ndilibe.

Chiwerengereni kalata yanu sindinapite kuntchito. Ndatulutsa kalata yomaliza ya Takondwa, ndaiyala patebulo. Analemba kuti "musachedwe," ine n'kuseka. Ku famase anandifunsa pasipoti, ine n'kunyoza dziko la eni. Ndinalephera ngakhale kudzaponya dothi pamanda ake chifukwa cha mapepala omwewo.

Ndikupempheni chinthu chimodzi. Katoni ili ndi a Gerishomo ikafika, musaitsegule. Mukaitaye m'chimbudzi pasakhale woona. Kalata ili momwemo musawerenge, muli mawu amene sindifuna kuti muwaone. Ndipo zimene a Pearson ananena pamaliro zikhale momwemo. Anthu a pa Kachulu mukuwadziwa, adzati mwana wa Emma anafa ngati chidakwa, adzati anamupha ndi malume ake. Mwanayo wagona, tisamuvule pagulu. Madzi akatayika saoleka.

Ndiyamba kusunga ya simenti kuti chaka chamawa timumangire chiliza chabwino. Ndi chokhacho chimene ndingamuchitire tsopano.

Mlongo wanu,
Fanuelo


Kachulu
15 Disembala 2024

Achimwene Fanuelo,

Muli bwanji? Funso limeneli ndikufunsa ndi mtima wonse. Mudye, mupite kuntchito. Takondwa simunamuphe nokha, ndipo simumulira nokha.

Kuno mvula yagwa, nyanja yatsekedwa, anyamata abwera kumtunda. Tikufesa nazale ku sikimu.

Kalata yanu inachedwa, katoni ndi imene inayamba kufika. Ndinaitsegula, ndipo kalata inali m'katimo ndinaiwerenga. Pamene munalemba kuti mudzatembenuka ndinalira mpaka pepala linafewa. Sindinakwiye nanu.

Ndili pakhonde ndi katoniyo, Asiyatu anatulukira, poti anaona galimoto ya a Gerishomo. Anakhala pansi, anandipepesanso, kenako mwamanyazi anati, "Amake Takondwa, pepani kufunsa pa nthawi ngati ino. Kodi a Ismail aja abwera nawo? Chifuwa chimenechi chatenga kale mmodzi, ndikuopa." Anatambasula manja awiri, achimwene, mwaulemu, kuti ndimuikiremo. Bodza langa la pamaliro linali litabwerera pakhomo panga kudzatenga mwana wachiwiri.

Ndinamuuza zonse. Anavula mpango kumutu n'kuphimba nawo nkhope.

Ndiye pempho lanu ndalikana, mundikhululukire. Katoni sindinataye m'chimbudzi, ndinakaipereka kwa wachipatala uja. Loweruka lotsatira ine ndi Asiyatu tinanyamula ukonde wa Takondwa kupita nawo padoko, nthawi imene pamadzaza anthu. Tinaupachika pa mitengo ya thandala, mabotolo ake onse ali lendelende. Amayi a Mvano anabwera, amayi achisilamu a Dawa, anzake a Asiyatu, anabweranso. Pakamwa pozolowera kukuwira mbalame sipanandigwiritse mwala. Ndinati, "Mwana wanga sanafe ndi chifuwa. Ndinakunamizani. Chinamupha ndi ichi, ndipo ndinkamuitanitsira ndine, n'kumathokoza Mulungu kuti wafatsa. Pitani mukayang'ane maukonde a ana anu."

Ena anaseka. Bambo wina wogula nsomba anati, "Mayi, maliro anatha, musatiwonongere msika." Mwini bwato la golosale lina anachoka osatsanzika. Koma mayi wina wa ku Chisi anayandikira, anagwira botolo limodzi, analitembenuza, n'kunena chapansipansi kuti, "Kwathu aliko ngati amenewa. Ndimasungiramo mchere." Pofika masana tinali titazunguliridwa. A Pearson anandipempha kuti ndikanenenso kutchalitchi, ndipo ndinakanena. Mwezi wamawa tikupita ku Chisi ndi wachipatala uja. Zoti anamupha ndi malume ake palibe wanena. Atatero ndidzawauza kuti malume akewo ankatumiza chikondi, monga tonsefe.

Ya simenti musunge, koma chiliza chidikire. Ngati mungathe, tumizani ya minibasi, chifukwa Ismail tikumapita naye kuchipatala ku Zomba kumene akumuthandiza kusiya. Akuti ndi ulendo wautali, ndipo ena amabwerera m'mbuyo. Akugona kwathu kuno, m'chipinda cha mnzake, poti kwa Asiyatu kuli ana aang'ono. Ndipo mukabwera, mudzaime nane padoko. Pali amalume ambiri ku Joni amene akutumiza makatoni, ndipo angamve msanga mawu a mnzawo.

Ismail sakupeza bwino. Amatuluka thukuta, amasanza, miyendo imamuwawa, ndipo ukali wake ndi woopsa. Dzulo ndinamukaniza kupita kudoko yekha. Ananditukwana mawu amene sindingalembe, analowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko mpaka hinjesi ija Takondwa anakonzetsa inazukanso. Asiyatu anadzuka mwamanyazi kuti akaitane kalipentala. Ndinamugwira chitenje n'kumukhazika pansi. Tinakhala pakhonde awiriwiri, kumvetsera mwana wamoyo akukalipa m'nyumba.

Phokoso limeneli ndi lija ndinapempha Mulungu kuti andichotsere, achimwene. Chitsekocho sindikonza.

Ndine mlongo wanu,
Emma, amake Takondwa